Galu akamapenga ndi chimwemwe mbuyake akafika: mafunso ndi mayankho

Anthu oweta agalu amafunsa zinthu zofananafanana pa nkhani ya mmene galu amalandirira mbuyake, ena amafunsa chifukwa zimawasangalatsa, ena chifukwa zafika powatopetsa, malaya oyera aja adindidwa mapazi amatope asanalowe n'komwe m'nyumba. Nde apa tasonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera. Ena tawayankha mwachidule, ena tatalikitsa chifukwa nkhani yake ndi yokoma.

Kodi galu amasangalaladi kundiona kapena akungofuna chakudya basi?

Funso ili limakonda kuchokera kwa anthu amene alibe galu, kapena ali naye koma safuna kuoneka ngati atengeka. Chakudya amachifuna inde, galu ndi galu, koma si ndiye nkhani yonse. Tangoonani galu woti wangomaliza kudya mimba ili ndendende, mukatulukira pageti amadzukabe n'kubwera akupukusa mchira thupi lonse likupindika, ndipo m'makomo ambiri womupatsa chakudya amakhala wina pomwe womupengera ndi winanso.

Gregory Berns wa ku Emory University ku Atlanta, ku America, anaphunzitsa agalu kugona phee m'makina a MRI, ojambula m'kati mwa ubongo, ali maso osawabaya mankhwala ogonetsa, zomwe pazokha ndi ntchito yaikulu chifukwa makina aja amasokosa koopsa. Kenako ankawanunkhiritsa mafungo asanu: la galu yemweyo, la galu womudziwa, la galu wachilendo, la munthu wachilendo ndi la munthu wapakhomo pake. Mbali ya ubongo imene imachangamuka nyama ikamayembekezera chinthu chabwino, dzina lake caudate, inachangamuka kwambiri pa fungo la munthu wapakhomo uja, chonsecho munthuyo munalibe m'chipindamo, linali fungo lokha. Mu 2016 gulu lomwelo linayerekeza kuyamikiridwa ndi mbuyake ndi kupatsidwa chakudya, nde mwa agalu 15, agalu 13 ubongo wawo unalandira kuyamikiridwa mofanana ndi chakudya kapena kuposa. Awiri otsalawo anali a pamimba ndithu, ndipo ngati wanu ali m'gulu limenelo musakhumudwe, alipo.

Amadziwa kuti ndachoka nthawi yaitali bwanji?

Wotchi sadziwa koma kusiyana amakumva. Therese Rehn ndi Linda Keeling a ku yunivesite ya zaulimi ku Sweden anajambula agalu pa kamera atasiyidwa okha kunyumba kwa mphindi 30, maola awiri ndi maola anayi, zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Agalu aja nthawi yambiri ali okha ankangogona, koma mbuyawo atabwera patatha maola awiri kapena anayi ankamulandira mwamphamvu kwambiri kusiyana ndi patatha mphindi 30, mchira kupukusa kwambiri, kunyambita milomo, kudzigwedeza thupi, kumutsatira. Chosangalatsa n'choti pakati pa maola awiri ndi anayi panalibe kusiyana kwenikweni. Ndiye zikuoneka kuti galu amasiyanitsa "wangotuluka kumene" ndi "wachedwa uyu", koma ikadutsa pamenepo sakhala akuwerengera kuti lero waonjezera ola.

Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York ali ndi ganizo loti galu amayeza nthawi ndi mphuno. Mukatuluka m'mawa fungo lanu limakhala lodzaza m'nyumba, kenako limanka lichepa pang'onopang'ono, nde ngati mumabwera nthawi yofanana tsiku lililonse galu amazolowera kuti fungo likachepa kufika apa ndiye kuti chitseko chatsala pang'ono kutseguka. Ili ndi ganizo, koma ndi lomveka mukaganizira kuti mphuno ya galu ili ndi timaselo tonunkhizira tofika 200 kapena 300 miliyoni pomwe ife tili ndi 5 kapena 6 miliyoni.

Nanga bwanji amandilandira ngati ndachokera kutali pomwe ndinangotuluka kukataya zinyalala?

Chifukwa inu mukudziwa kuti mubwera pompano, iye sakudziwa. Chitseko chikatsekeka kwa iye mwachoka basi, chikatseguka mwabwera, ndipo kubwera kwanu ndi nkhani yabwino kaya mwatha mphindi ziwiri. Komanso pamakhala kuzolowera, ngati nthawi zonse mukalowa mumamuseka n'kumusisita, walemba kale m'mutu kuti chitseko chikalira kukubwera zokoma.

Akunyumba amati amayamba kudikirira pageti ndisanafike. Amadziwa bwanji?

Apa anthu amakonda kuthamangira ku zamizimu, koma tiyambe ndi makutu. Munthu amamva phokoso mpaka cha m'ma 20,000 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kwa liwu), galu amadutsa 45,000 Hz, ndipo makutu ake amatembenuka kulondola komwe phokoso likuchokera. Injini ya galimoto yanu, kulira kwa njinga yanu, mmene mumakwakwazira nsapato, makiyi anu, zonsezi amazisiyanitsa ndi za anthu ena muli patali poti munthu sangamve kanthu. Onjezerani ndondomeko ya tsiku, dzuwa likapendeka chonchi, aneba akafika, ana akaweruka, amadziwa kuti otsatira ndi inuyo. Ndipo anthu a m'nyumba amaulula okha osadziwa, wina wayang'ana foni, wina wadzuka kukatsegula geti, galu amakhala akuona zonsezo.

Ku England kufupi ndi Manchester kunali galu wina dzina lake Jaytee amene anatchuka pa TV kuti amadziwa nthawi yomwe mbuyake wanyamuka kubwerera kunyumba olo ali kutali. Wofufuza wina, Rupert Sheldrake, ankati pali kulumikizana kwa maganizo pakati pa galuyo ndi mbuyake. Wofufuza winanso, Richard Wiseman, ndi anzake anakamuyesa galuyo n'kulemba zomwe anapeza mu 1998, ndipo anaona kuti galuyo ankapita pawindo kambirimbiri tsiku lonse, anthu n'kumangokumbukira ulendo umene wagwirizana ndi kubwera kwa mbuyake. Awiriwa anakangana zaka zambiri pa nkhaniyi. Ine ndili mbali ya Wiseman, ifenso timatero, ulendo umodzi umene galu walondola timaufotokoza kwa aliyense, maulendo khumi amene anadikirira pachabe palibe amawatchula.

Ndikuchoka kwa miyezi ingapo, mwinanso chaka. Andiiwala?

Ayi, galu wamkulu amene mwakhala naye n'kuzolowerana sakuiwalani chifukwa cha chaka. Kagalu kakang'ono ka miyezi iwiri nde nkhani ina, kamakula n'kumamatira amene akukasamala.

Nkhani imene imandisangalatsa pa funso ili ndi ya Charles Darwin, katswiri wa sayansi wa ku England. Iye anali ndi galu wolusa wosafuna alendo, nde atabwerako ku ulendo wake wapanyanja wa 1831 mpaka 1836 anaganiza zomuyesa dala, atatha zaka zisanu ndi masiku awiri osaonana. Anapita pafupi ndi khola la akavalo komwe galuyo ankakhala n'kumuitana mmene ankamuitanira kale. Galu uja sanadumphe, sanalire, sanaonetse chimwemwe chilichonse, anangotuluka n'kumutsatira kokayenda akumumvera ngati asiyana theka la ola lapitalo. Ndimaikonda chifukwa ikuonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti galu saiwala komanso kuti si galu aliyense amachita zisudzo za m'mavidiyo zija.

Yotchuka kwambiri ndi ya Hachikō wa ku Japan, galu wa mtundu wa Akita amene ankachingamira mbuyake, pulofesa Hidesaburō Ueno, pa sitesheni ya sitima ya Shibuya ku Tokyo madzulo alionse. Pulofesayo anamwalira mwadzidzidzi ali kuntchito mu May 1925, koma galuyo anapitiriza kubwera pa sitesheni paja mpaka imfa yake mu March 1935. Anamuumbira chipilala mu 1934 iye akadali moyo, ndipo mpaka pano pa Shibuya pali chipilala chake pomwe anthu amapanganirana kukumana. Ena amati ankabwerera tizakudya tomwe anthu ankamuponyera pamenepo, kaya, koma poyambira pake anali munthu uja.

Chimene muyembekezere mukabwera: mwina poyamba aima chilili kukuyang'anani, mwinanso auwa kumene, makamaka ngati mwasintha, mwameta, mwanenepa, mwavala chipewa kapena magalasi. Musakhumudwe ndipo musamuthamangire. Lankhulani, mulekeni abwere anunkhize, mphuno ikatsimikiza mudzaona mchira ukuyamba pang'onopang'ono kenako thupi lonse. Nkhope amaigwiritsanso ntchito, Paolo Mongillo ndi anzake ku yunivesite ya Padua ku Italy mu 2010 anaona kuti galu amayang'anitsitsa mbuyake kuposa mlendo akamadutsa m'chipinda, koma onse awiri akaphimbidwa kumutu chidwi chija chimatsika. Ndiye maso, makutu ndi mphuno zimathandizana, kungoti mawu omaliza amakhala a mphuno.

N'zoona zoti galu amagwetsa misozi ya chimwemwe?

Osati yoyenderera m'masaya ngati munthu, koma maso amanyowa. Takefumi Kikusui wa ku Azabu University ku Japan anaona kuti galu wake wa mtundu wa poodle maso ankalengeza misozi akamayamwitsa ana, nde iye ndi anzake anaganiza zoyeza. Ankaika kapepala kapadera m'chikope cha m'munsi, komwe madokotala a ziweto amayezera kuchuluka kwa misozi, galu asanasiyane ndi mbuyake komanso atangokumananso patatha maola 5 mpaka 7. Misozi inachuluka pokumana ndi mbuyake, koma pokumana ndi munthu wina wongomudziwa sinachuluke chimodzimodzi. Izi zinatuluka mu 2022. Akatswiri ena sanakhutire nazo kwenikweni chifukwa agalu oyezedwa anali ochepa ndipo kapepala kaja pakokha kamatha kuyabwa m'maso, nde tizitenge ngati chiyambi. Koma ngati galu wanu maso akungotuluka misozi tsiku lonse kapena ali ndi manthongo, chimenecho si chikondi, pitani naye kwa dokotala wa ziweto.

Inenso ndimamva bwino kwambiri akandilandira, olo tsiku litandivuta bwanji. Ndi maganizo chabe?

Si maganizo chabe, thupi lanu likuchitapo kanthu. Gulu lomwe lija la ku Azabu, motsogozedwa ndi Miho Nagasawa, mu 2015 linapeza kuti galu ndi mbuyake akayang'anana m'maso nthawi yaitali homoni ya oxytocin imakwera mwa onse awiri. Homoni imeneyi ndi yomwe imagwira ntchito pakati pa mayi ndi khanda lake. Galu akakuyang'anani imakwera mwa inu, inu n'kuyamba kumusisita ndi kumulankhula, iyenso imakwera, n'kukuyang'ananinso, zikumangozungulira choncho. Atayesa mimbulu ija ya kumaiko ozizira, imene agalu anachokerako, olo inali yoleredwa ndi anthu kuyambira ili yaing'ono, sizinachitike, mimbulu sikonda kuyang'ana munthu m'maso.

Zimenezi sizinayambe dzulo. Ku Bonn-Oberkassel ku Germany anafukula manda a zaka pafupifupi 14,000 momwe munali anthu awiri ndi galu, ndipo mano a kagaluko anaonetsa kuti kanadwalapo matenda aakulu oti sikakanapulumuka popanda munthu wokasamala. Kagalu kodwala sikasaka, sikalondera, koma wina anakasamalabe.

Chifukwa chani amalimbikira kudumphira kumaso n'kumandinyambita?

Agalu okhaokha akakumana amanunkhizana kumaso ndi kumbuyo, ndipo ana a mimbulu amanyambita pakamwa pa akuluakulu akabwera kosaka kuti awabzikulire nyama. Khalidwe limeneli linatsalira ngati moni waulemu, wamng'ono kulonjera wamkulu. Vuto ndi loti nkhope yanu ili m'mwamba, nde kuti aifikire ayenera kudumpha. Palinso kufufuza, pakamwa panu, m'manja ndi m'miyendo ya thalauzi muli nkhani yonse ya komwe mwachokera, mwadya chani, mwagwira galu wa ndani. Mukaona wasiya kudumpha n'kukakamira kununkhiza mwendo umodzi, dziwani kuti wapeza umboni.

Zoti akadumphira ndiye kuti akufuna kukulamulirani kapena kudzionetsa kuti bwana ndi iye, zimenezo zitayeni, n'zachikale ndipo zapweteketsa agalu ambiri pachabe.

Nde ndimuletse bwanji? Wanga ndi wamkulu, tsiku lina adzagwetsa munthu.

Choyamba mvetsani kuti kumukankha, kumukalipira kapena kumugunda ndi bondo pachifuwa sikuthandiza kwenikweni. Galu amene mtima uli m'mwamba akakankhidwa amaona ngati masewera ayamba, mwamugwira, mwamuyang'ana, mwamulankhula, zonse zomwe amafuna wapeza. Ndipo bondo lija mutha kumuvulaza nalo.

Chimene chimagwira ntchito n'chosavuta kunena koma chimafuna kupirira. Akadumpha, pindani manja, tembenukirani kumbali, osalankhula. Mapazi onse anayi akangogunda pansi, pomwepo nyonyomalani mumusisite pachifuwa n'kumuyamikira ndi mawu otsika. Akadumphanso imiriraninso. Masiku oyamba muchita zimenezi kambirimbiri mpaka kudziona ngati wopusa, ndipo nthawi zambiri kudumpha kumayamba kwakula kaye kusanachepe, chifukwa galu akudabwa kuti zomwe zinkagwira ntchito dzana zalekeranji nde akuonjezera mphamvu. Anthu ambiri amagonja pamenepa, chonsecho atsala pang'ono. Ngati amadziwa kale kukhala pansi mukamuuza, muuzeni asanadumphe, osati ali kale m'malere. Ena amasunga timaswiti ta agalu pafupi ndi chitseko n'kumwaza pansi polowa, galu mphuno ikakhala pansi sangadumphe.

Koma chovuta kwambiri si galu, ndi anthu. Pakhomo pakakhala munthu mmodzi amene amati "musiyeni ine sindidandaula" n'kumamulola kudumpha, ntchito yanu yonse yapita m'madzi. Galu sangadziwe kuti lero mwavala zakuntchito, dzulo munavala zogonera. Gwirizanani nonse, ndipo alendo akamabwera mugwireni pa chingwe kaye mpaka mtima utsike, makamaka pakakhala ana aang'ono, okalamba kapena munthu woopa agalu.

Ena amati ndikafika ndizingomudutsa osamuyang'ana mpaka patapita nthawi. N'zoona?

Apa nde ndimatsutsana ndi alangizi ambiri. Malangizo amenewa anabwera ndi cholinga chabwino, kuti kufika kwanu kusakhale chikondwerero chopitirira muyezo, koma anthu anawatenga mopyola mpaka galu wadikirira tsiku lonse, mbuyake n'kulowa nkhope ili gwa ngati sakumuona. Rehn yemwe uja ndi anzake mu 2014 anayesa njira zitatu pa agalu a mtundu wa beagle: munthu wowadziwa akabwera awalankhule n'kuwasisita, awalankhule kokha, kapena awanyalanyaze. Kungomuona munthuyo oxytocin inkakwera, koma inkakhalitsa pamene wawalankhula n'kuwagwira, ndipo cortisol, homoni ya nkhawa ija, inkatsika bwino pamenepo. Onyalanyazidwa aja ankapita kukafuna chidwi kwa munthu wina amene anali m'chipindamo.

Ndiye moni mpatseni, kungoti wofatsa. Ikani chikwama pansi, tsikani mufanane naye, mawu otsika, dzanja pachifuwa kapena m'mbali mwa khosi, mphindi imodzi yakwana. Chomwe mukukana ndi kudumpha, osati galuyo. Kukuwa ndi mawu okwera, kuwomba m'manja ndi kumuzunguza n'komwe kumamupengetsa, kenako n'kumamudanso kuti samva.

Kagalu kanga kamakodza ndikangofika. Ndi mwano?

Si mwano ndipo sikakudziwa n'komwe kuti kakukodza. Tiagalu tating'ono chikhodzodzo chimakhala chisanakhwime, chimwemwe chikakwera timadontheza. Palinso kukodza kwa mantha kapena kugonja, kumene galu amadzichepetsa, makutu kumbuyo, mchira pakati pa miyendo, nthawi zina kugona chagada n'kukodza. Zonse ziwiri mukakalipa zimakula. Lonjeranani panja, musamuweramire pamutu, musamuyang'anitsitse m'maso, mulekeni akakodze kaye kenako moni. Ambiri zimatha akamakwanitsa chaka. Zikapitirira, kapena zikayamba mwadzidzidzi kwa galu wamkulu amene sankatero, kayezetseni, mwina ndi matenda a m'chikhodzodzo.

Wanga amathamanga kukatenga nsapato kapena chidole n'kubwera nacho kukamwa, koma ndikati ndilandire amakana.

Sikuti akukupatsani mphatso kwenikweni, chimwemwe chamuchulukira nde akufuna pochiika, kukamwa kukakhala ndi kanthu mtima umatsikako. Mitundu imene inawetedwa kuti izitola mbalame kosaka, monga Labrador ndi golden retriever, ndiyo imakonda zimenezi. Ndi khalidwe labwino kwambiri chifukwa galu amene wanyamula chinthu sauwa ndipo saluma manja, nde m'malo momulanda muikireni chidole chake pafupi ndi khomo kuti nsapato zanu zipume. Ena m'malo monyamula chinthu amautsa liwiro la mtondo wadooka kuzungulira bwalo kawiri katatu kenako n'kudzagwa pamapazi anu ali wefuwefu. Palibe vuto, ingoonetsetsani kuti geti mwatseka asanathamangire kumsewu.

Mchira ukamapukusidwa ndiye kuti wasangalala basi eti?

Ayi, ndipo anthu ambiri alumidwa chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi. Mchira umangonena kuti galu watekeseka, kaya ndi chimwemwe kaya ndi mkwiyo. Wachimwemwe amapukusa momasuka, chiuno chikuvina nawo, thupi lofewa, kukamwa kotseguka, nthawi zina mchira kuzungulira kumene. Koma mchira ukaima m'mwamba n'kumanjenjemera mwachangu, thupi lauma, kukamwa kwatsekeka, maso ali pa inu osaphethira, bwererani.

Ofufuza a ku Italy, Angelo Quaranta, Marcello Siniscalchi ndi Giorgio Vallortigara, mu 2007 anajambula agalu 30 n'kupeza kuti akaona mbuyawo mchira umapendekera kwambiri kudzanja lamanja la galuyo, pomwe akaona galu wachilendo woopsa umapendekera kumanzere. Ndi maso okha n'zovuta kuona pokhapokha mutajambula pa foni n'kuchedwetsa vidiyoyo. Chinanso, agalu akuluakulu a michira yaitali ngati Great Dane amatha kumenyetsa mchira kukhoma mpaka kuchita bala kunsonga chifukwa cha chimwemwe chomwechi, ndipo bala la pamenepo limavuta kupola, nde ngati polowera panu ndi popanikiza mulonjereni pamalo otakasuka.

Wanga sachita zonsezi. Amangodzutsa mutu, mchira kawiri, basi. Sandikonda?

Kumbukirani galu wa Darwin uja. Kukula kwa phokoso si muyezo wa chikondi, agalu amasiyana ngati mmene anthu amasiyanirana, ndipo mitundu ina monga Akita, chow chow ndi basenji imadziwika kuti ndi yodzigwira. Galu amene amakuonani n'kupitiriza kugona mtima uli m'malo nthawi zambiri ndi galu wokhazikika, sankada nkhawa kuti mwina simubwera. Yang'anani zina, kodi amasamukira chipinda chimene inu muli, amadzatsamira mwendo wanu, akachita mantha amathawira kwa ndani. Ofufuza a ku Budapest, József Topál ndi Ádám Miklósi ndi anzawo, mu 1998 anatenga njira yomwe Mary Ainsworth ankayezera ubale wa mwana ndi mayi ake n'kuiyesa pa agalu, ndipo anaona zofanana, galu amasewera ndi kufufuza malo achilendo momasuka mbuyake akakhala pompo, akatuluka amakadikirira pachitseko.

Chodetsa nkhawa ndi kusintha. Galu amene ankakuthamangirani masiku onse akasiya mwadzidzidzi, ganizirani za ululu kapena matenda musanaganize zoti wanyanyala. Okalamba makutu amagontha nde sakumvani mukulowa, ena mafupa a m'chiuno amawawa podzuka. Wotereyu mupiteni inuyo pomwe wagona, ndipo ngati samva musamudzidzimutse ndi dzanja, gundani phazi pansi kaye kapena muikeni dzanja pafupi ndi mphuno adzuke ndi fungo lanu.

Ndikafika ndimapeza watafuna zinthu, iye ali khuma kuoneka kuti akudziwa kulakwa kwake. Ndimulange?

Musamulange. Horowitz uja mu 2009 anachita kafukufuku wosavuta koma wochititsa manyazi eni agalu. Mwini galu ankaletsa galu wake kudya kanthu kenakake n'kutuluka, pobwera ankauzidwa kuti wadya kapena sanadye, nthawi zina monamizidwa dala. Nkhope yolakwa ija inkaoneka kwambiri galu akamakalipiridwa, kaya wadya kaya sanadye, ndipo osalakwa amene anakalipiridwa pachabe ndi amene ankaoneka olakwa kwambiri. Ndiye nkhope ija ikuyankha nkhope yanu ndi mawu anu, akukupemphani kuti mtima utsike. Mukamulanga pa zomwe anachita maola atatu apitawo chimene akuphunzira n'choti kufika kwanu nthawi zina kumabwera ndi mavuto, ndipo moni wosangalala uja umayamba kusanduka wokayikakayika.

Funso labwino ndi loti watafuniranji. Ngati ndi kusowa chochita, amafuna kuyenda naye mokwanira musanachoke ndi kumusiyira choti azitafuna. Koma ngati zowonongekazo zili pachitseko ndi pawindo, aneba akuti amalira ndi kuuwa kuyambira mutangochoka, mumapeza dovu pansi, wadzikanda mpaka magazi, chakudya chomwe munasiya sanachikhudze mpaka mutabwera, ndipo moni wake sutha mpaka mphindi zambiri akungonjenjemera n'kukutsatirani mpaka kubafa, pamenepo si chimwemwe chokha, ndi nkhawa yoopa kutsala yekha. Njira yodziwira ndi kusiya foni ikujambula theka la ola loyamba mutachoka, chifukwa zambiri zimachitika nthawi imeneyo. Vutoli limachizika pomuzoloweza pang'onopang'ono, kutuluka masekondi ochepa n'kubwera, kenako mphindi, osafulumira, ndipo zikakula dokotala wa ziweto amatha kuthandiza ndi mankhwala. Bungwe loteteza nyama la RSPCA la ku Britain limalangiza kuti galu asamasiyidwe yekha kupitirira maola anayi, ambiri ogwira ntchito sangakwanitse zimenezo, koma ngati pali wina woti n'kudzamuona masana zimathandiza kwambiri.

Ndikakhala kutali ndizimuimbira pa vidiyo?

Mutha kuyesa koma musayembekezere zambiri. Kasikirini ka foni n'kakang'ono ndipo kalibe fungo, agalu ambiri sakayang'ana n'komwe. Mawu amatha kuwazindikira, ena amapendeketsa mutu, ena amathamangira kuchitseko kukakudikirirani n'kubwerako okhumudwa, nde mukaona kuti zikumusokoneza siyani. Kumusiyira malaya omwe mwavala osachapa pomwe amagona n'kothandiza kuposa foni.

Nanga amphaka, amasowanso mbuyawo?

Amasowa, kungoti sachita phokoso nazo. Ku Sweden komwe kuja mu 2017 anapeza kuti amphaka amalira kapansipansi kaja ka kukhosi ndi kudziwongola kwambiri mbuyawo akabwera patatha maola anayi kusiyana ndi patatha mphindi 30. Mphaka akabwera mchira uli chilili m'mwamba n'kudzikhula m'miyendo yanu, moni wake ndi umenewo.

Pali vuto ndikamulola kundinyambita kumaso?

Kwa munthu wathanzi ndi galu wosamalidwa bwino nthawi zambiri palibe chimachitika, koma zoti m'kamwa mwa galu ndi moyera kuposa mwa munthu ndi bodza, mukudziwa nokha komwe lilime lija limafika. Musamulole pakamwa, m'maso, m'mphuno kapena pa bala, ndipo makanda, okalamba kwambiri ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika asanyambitidwe kumaso. Onetsetsani kuti katemera wa chiwewe ali pa nthawi yake komanso akumwa mankhwala a njoka za m'mimba. Ngati simufuna malovu kumaso, mpatseni kuseri kwa dzanja anunkhize ndi kunyambita, kwa iye moni wakwana, inu mukasambe m'manja ndi sopo musanagwire chakudya.